Mutu wa Dursun

Ntchito yanga ku Tokat inali yokongoletsa mabuku. Ndinkajambula maluwa m'mphepete mwa masamba ndi kupaka golide pa mitu ya nkhani. Ndinali ndi zaka makumi anayi pamene a Bedreddin, sing'anga wamkulu wa pachipatala chapafupi ndi msika wa mkuwa, anandiitana. Anali atakalamba, ndipo anali atangomaliza kulemba buku la zonse zimene manja awo anachita pa zaka makumi asanu: kuchotsa ng'ala m'diso ndi singano, kuotcha ndi chitsulo chamoto, kutulutsa mwala m'chikhodzodzo, kubwezeretsa phewa loguluka. Chinatsala ndi zithunzi.

"Ophunzira a masiku ano amawerenga ndi diso limodzi," anatero. "Mwina chithunzi adzachiyang'ana ndi onse awiri."

Miyezi itatu ndinajambulira kunyumba, ndikutsatira mawu a m'bukumo. Magazi sindinkafuna n'kuwaona komwe; ngakhale nkhosa ya pachikondwerero ankandiphera ndi mlamu wanga. Nditapita ndi masamba khumi oyamba, a Bedreddin anawayala pakapeti n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Nduwira yanga mwaijambula bwino, a Turgut, kuposa yeniyeniyi. Koma munthu uyu wagwira mpeni ngati akusenda apozi. Wophunzira wa ku Sivas akatengera pamenepa, aika maliro angati?"

Ndinati ndinajambula zimene iwo analemba.

"Ndiye mawa mubwere mudzaone zimene ndinalephera kulemba."

Kutacha ndinakakhala pakona ya bwalo la chipatala, thabwa ndi pepala zili pamaondo. Ndinaona akuzula dzino, akutumbula chithupsa. Dzuwa lili pafupi kufika paliwombo, kuchipata kunamveka phokoso. Amuna anayi analowa atanyamula munthu pa chitseko, pambuyo pawo mayi wamfupi, ufa uli mbuu mpaka m'zigongono.

Wodwalayo anali Dursun, woyendetsa ngamila zonyamula mchere. M'mawa umenewo ngamila ina inamumenya theche pamwamba pa khutu lamanja. Anadzuka, akuti, n'kuitukwana ngamilayo ndi makolo ake onse, anadya mkate wake, anzake n'kumamuseka. Patapita kanthawi anasanza, anagona pamthunzi, osadzukanso. Tsopano ankangoliza mkonono woopsa.

A Bedreddin anamutsegula zikope. Kamwana ka m'diso lamanja kanali katakula, kanzake kali kakang'ono. Anasisita m'mutu ndi chala mpaka chinalowa pamalo pofooka. Kenako anatembenukira kwa mayi uja, yemwe dzina lake anali Selvi.

"Mayi, fupa lalowa m'kati ndipo magazi akupanikiza ubongo. Ndikawasiya amuna anuwa, pemphero la madzulo siliwapeza. Ndikatsegula, mwina afera m'manja mwanga. Nenani ndinu."

Mkulu wake wa Dursun, mmodzi wa onyamula aja, anatulukira kutsogolo. "Mutu wa munthu si dzungu, bambo. Musiyeni apite wathunthu kwa Mwini wake."

"Alamu," anatero Selvi, osakweza mawu, "inu mukachoka kumanda mukapeza akazi anu atakuphikirani. Ine ndikapeza ndani? Tsegulani, bambo."

Dursun anamugoneka pakati pa bwalo, pamene dzuwa linkawala kwambiri. Pankafunika munthu wogwira mutu kuti usasunthe ngakhale pang'ono. Amuna aja anayamba kuyang'ana kumwamba, wina kumapazi. Selvi anakhala pansi, napanikiza mutuwo pakati pa maondo ake, manja ali pachibwano ndi pachipumi.

"A Turgut, senderani kuno," anatero a Bedreddin. "Ndevu zanga mukuzidziwa kale. Lero yang'anani zala."

Anameta tsitsi ndi lumo, natseka makutu a Dursun ndi thonje kuti kulira kwa chitsulo kusamufike. Anacheka khungu modutsanitsa n'kulifunyulula ngati akutsegula kalata. Fupa linaonekera, loyera, long'aluka ngati chigoba cha dzira chimene wina wachidinikiza ndi chala. Anatenga chobowolera chokhala ndi kamkombero pafupi ndi nsonga, koletsa kuti chisalowe mopitirira, n'kuyamba kuchipota pakati pa zikhato. Chinkalira ngati khoswe akukukuta thabwa. Fumbi loyera linkagwera pa mkanjo wa Selvi. Anabowola timabowo tisanu mozungulira mng'aluwo, anatilumikiza ndi kachitsulo kosemera, akugogoda pang'onopang'ono ngati akudzutsa mwana. Manja amene ndinawaona akunjenjemera pogwira kapu ya madzi m'mawa uja, apa anali phee.

Atanyamula fupalo, pansi pake panali magazi oundana, akuda ngati chiwindi. Anawachotsa ndi kasipuni, natsuka ndi madzi ofunda. Ndiyeno anachotsa dzanja kuti ndione.

Panali kanembanemba kotuwa, konyezimira ngati m'kati mwa chigoba cha nkhono, ndipo pamwamba pake pankayenda timitsempha tofiira, tosanjikana ngati nthambi. Ine ndili ndi burashi ya ubweya utatu wa mphaka imene ndimanyadira, koma mzere wopyapyala chotero sindinaujambulepo. Kanembanembako kanali katalowa pansi, kali zii. Kenako kanayamba kukwera, pang'onopang'ono, ngati mtanda wa mkate ukufufuma, mpaka kanadzaza malo ake. Ndiye kanagunda. Kanagundanso.

Ndinaiwala kuti ndimaopa magazi. Ndinkangoganiza kuti pansi pa kansalu aka ndi pamene pali mayina a ngamila zake, njira yonse ya ku Halep ndi zitsime zake, mawu a amayi ake. Chiyambire pamene Mulungu anatseka pamenepa m'mimba mwa amayi akewo, dzuwa linali lisanawalepo, ndipo ife anthu wamba tikuyang'anapo masana ano. Khala lojambulira linali litagwa m'manja mwanga ine osadziwa.

"Mulungu ndi wamkulu," ananong'ona a Bedreddin. M'maso mwawo munali misozi. "Ndaona zimenezi kasanu ndi kawiri, a Turgut, ndipo sindinazolowere. Anadzuka ndi atatu okha."

Anayala kansalu ka silika konyowetsa ndi mafuta a maluwa, anabwezera khungu, namanga. Ife tinadikira. Selvi anakana kusuntha ngakhale miyendo inali itachita dzanzi. Mkonono uja unayamba kuchepa, kenako unatha, mpaka mkulu wake wa Dursun anayamba kulira poganiza kuti basi. Dzuwa litapendeka, kumzikiti atangoitanira pemphero, Dursun anatsegula maso. Anayang'ana nkhope ya mkazi wake ili chadodolido pamwamba pake.

"Mchere uja mwatsitsa?" anafunsa, lilime likulemera.

"Mchere!" Selvi anaseka ndi kulira pamodzi. "Anthu akuonerani m'mutu momwe, inu mukuti mchere!"

Tsamba limenelo linanditengera masiku asanu ndi anayi. Golide sindinaikepo. Utoto wa kanembanemba kaja ndinausakaniza kambirimbiri osaupeza. Umene uli m'bukumo ndi wongoyandikira. A Bedreddin anakonzetsa chala chimodzi chokha. Kenako analoza mayi amene ndinamujambula atakhala pansi.

"M'mabuku a akale mumakhala awiri, sing'anga ndi wodwala. Uyu akutani?"

"Wophunzira wanu uja akadzafuna kuchita zimenezi, mutu adzamugwirira ndani?"

A Bedreddin anatenga cholembera cha bango, n'kuwonjezera mzere pansi pa nkhaniyo: kuti wogwira mutu asasankhidwe chifukwa cha mphamvu, koma akhale munthu amene sangathawe.

Dursun anatentha thupi masiku makumi awiri, koma anachira. Dzanja lamanzere linatsala lofooka, moti za ngamila anasiya, n'kukhala mlonda wa pachipata cha nyumba ya alendo apaulendo. Chipale chofewa cha nyengo yozizira chitayamba kugwa anabwera ndi mkazi wake kudzaona tsambalo.

"Ameneyu ndine?" anafunsa. "Nanga nkhope yanga ili kuti? Mwangojambula nkhongo ndi bowo."

"Nkhope yanuyo akuifuna ndani?" anatero Selvi. "Chinali chabwino mwa inu ndi cham'katicho."

Selvi anapempha madzi, nasamba m'manja, n'kusendera pafupi. Tsiku lija, anatiuza, anali atatsinzina kuyambira pamene lumo linakhudza tsitsi mpaka pamene anamanga nsalu. Anayang'ana tsambalo nthawi yaitali, mwamuna wake akumudikira pakhomo, chisoti chili m'manja.