Chingwe cha a Zelifa

"Anthu amenewo asaponde pano," adatero Fletcher uku akupukuta lumo. Linali tsiku lometa, mayi awo, a Zelifa, ataikidwa dzulo lake. "Iwe unawataya amayi kunyumba ya okalamba, a kafukufuku n'kumawapanikiza ndi mafunso ngati akuba. Lero tiwayalire mphasa?"

Mlongo wake Aliness adangowerama. Mawuwo adamulasa, pakuti ndiye adawaperekeza kumeneko amayiwo atagwa n'kuthyoka mwendo, iye ali kumpunga ku Chilwa. Fletcher, wa ku Blantyre, wosaoneka ngakhale pa Khirisimasi, ndiye adali ndi pakamwa lero. Abale nawo adayamba kumuyang'ana Aliness ndi diso loipa.

Posakhalitsa minibasi idaima pamsewu. Mudatsika nkhalamba, zikuimba, zitagwira chingwe chimodzi cha mfundomfundo. Kutsogolo kunali Dyson, wozisamalira, ndipo kumbuyo mayi Chikondwero, a kafukufuku aja.

"Tabwera kudzalira mnzathu wa pantchito," adatero mayi Chikondwero atakhala pansi.

"Pantchito?" Fletcher adaseka. "Amayi?"

"Eya, bambo. Tinkafufuza chimene chimagwetsa okalamba. Titawafunsa mayi anu, iwo anati, 'Wogwa ndine, wondidzutsa ndi Dyson, nanga wofunsa mukhale inu nokha?' Basi tinawapatsa mpando pakati pathu, pamodzi ndi Dyson."

"Ife alendo tinkawabisira," adalowerera a Goodman, mkulu wosaona. "Munthu wandevu unganene kwa mwana wamkazi kuti unagwa popita kuchimbudzi? Koma Zelifa! Ankangokugwira bondo, 'Apa patupa bwanji?' Unkaulula wekha. Titakhala pansi tonse, ophika ndi ochapa omwe, tinagwirizana za chingwe choti tizigwira popita kuchimbudzi. Mfundo ankamanga iye, zija za ukonde wa malemu mwamuna wake. Chimangireni, palibe wathyoka."

"Nyumba zina zatengera," adawonjeza Dyson. "Amachitcha chingwe cha a Zelifa."

Aliness adalira, koma kulira kwake kunali kwa munthu amene watula mtolo. Chimwemwe chidamudzaza. Azakhali amene m'mawa adamukana moni adasendera n'kumufunditsa chitenje.

Dyson adatulutsa chingwe china m'thumba, chatsopano.

"Ichi anamaliza ali chigonere. Anati, 'Mukamange kwa Aliness, kuchokera pakhomo mpaka kuchimbudzi. Anandipezera ntchito ndili nkhalamba. Nayenso adzakalamba, asadzagwe.'"

Pabwalo padagwa phwete losakanikirana ndi misozi.

"Nanga za ine sananene?" adafunsa Fletcher, mawu atachepa.

A Goodman adakhosomola. "Anati mukadzaoneka, mukumbe dzenje la mzati."

Fletcher adayang'ana lumo lija, naliika pamphasa. Adavula jekete, napita kuseri kukatenga khasu.

"Achemwali, tiyambire pati?"

Aliness adagwira mfundo yoyamba n'kumulozera pakhomo.