Chotsekera Madzi Kuseri kwa Kabati

Pulambala adagwira ntchito m'nyumba ya maofesi ija, yansanjika zisanu, kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Mapulani a nyumbayo adasowa kalekale, choncho paipi ikaphulika aliyense ankathamangira kwa iye. Ngakhale bwana wamkulu ankatsika yekha kudzamupempha, ndipo kupemphedwako kunkamukomera kuposa malipiro.

Kenako kudabwera mayi wina, injiniya, ndi makina a miyendo itatu. Ankawaimika pakati pa chipinda, makinawo n'kuzungulira pang'onopang'ono, kujambula makoma, denga ndi mazenera. Patatha milungu itatu, nyumba yonse idali itaima mu kompyuta, moti munthu ankaitembenuza ndi chala. Koma makina saona mkati mwa khoma. Zobisikazo injiniya ankafunsa anthu.

Apa ndi pomwe adatulukira mlamu wake wa pulambala, wamagetsi, amene adakwatira mlongo wake. Ntchitoyi adamupezera ndi pulambala yemweyo, munthu atabwera ndi nsapato zong'ambika. Koma pakamwa mlamuyo adadalitsidwa. Waya aliyense ankamufotokoza ngati mwana wake woyamba, injiniya n'kumalemba, akuseka. Posakhalitsa adamupatsa tabuleti, kakompyuta kam'manja, kuti ndiye azisamalira chithunzi cha nyumbayo. Anthu adayamba kumudutsa pulambala pakhonde, kumufunsa ngati waona mlamu wake.

Nsanje idamugwira pulambala, osati yamasewera. Akamuona mlamuyo akuyenda atakumbatira tabuleti pachifuwa, tiyi ankamuwawa mkamwa.

Tsiku lomufunsa iye litafika, adaonetsa mapaipi onse koma chimodzi adameza. Pansanjika yachitatu, kuseri kwa kabati ya mafayilo, padali chotsekera madzi chimene adachiika yekha ali mnyamata. Chinkatseka mbali yonse ya kum'mawa.

"Palibenso china, bambo?" adafunsa injiniya.

"Ngati chilipo, makina anu achiona," adayankha, akuyang'ana kumbali.

Mumtima ankati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Paipi ya kum'mawa idali yodzimbira, ndipo ankadziwa kuti sichedwa kuphulika.

Idaphulika Lachiwiri lina m'mawa. Pulambala adamva phokoso la mapazi pamasitepe, adamva wina akuitanitsa zidebe. Iye adakhala phee m'kachipinda kake ka zipangizo, foni ataiika pabondo, sipanala ili pafupi. Adali atakonza kale ndi mayendedwe ake omwe, osafulumira, kuti onse amuone bwino. Ola lidatha. Foni sidalire.

Atatopa n'kudikira adakwera yekha, n'kupeza anthu akukolopa, madzi atasiya. Mlamu wake adali atayang'ana pa tabuleti, n'kutseka madzi a nyumba yonse panja pa geti. Maofesi adakhala tsiku lathunthu zimbudzi zili zouma, koma palibe adafa. Pofika Lachisanu, kampani ina idali itadutsitsa paipi yatsopano kunja kwa khoma, ndi chotsekera chake chofiira poonekera.

Lolemba pulambala adapita ku ofesi ya injiniya, chipewa chili m'manja. Mlamu wake adali momwemo.

"Mayi, pali chimene ndidaiwala kukuuzani," adatero, n'kufotokoza za kuseri kwa kabati.

Injiniya adatembenuza nyumba ija ndi chala, n'kuikulitsa. "Paipi imeneyo taidula, bambo. M'menemo simukudutsanso madzi. Muno timaikamo zokhazo zimene zikugwira ntchito."

Mlamu uja adamuyang'ana pulambala, ndipo pankhope pake padalibe chipongwe ngakhale pang'ono. Chipongwe pulambala akadachipirira, akadakhala ndi chokamuuza mlongo wake.

"Ingochiikanimo, mayi," adatero mlamuyo motsitsa mawu. "Alamu angawa adachimanga ndi manja awo. Chisasowe."

Injiniya adadina kawiri, kadontho kotuwa kadaoneka pakhoma la m'chithunzi. Adafunsa kuti alembepo chiyani, kenako n'kungolemba yekha kuti: chakale, sichikufunikanso.

"Mwaona, alamu, chalowa," adatero wamagetsi, akumusonyeza mokondwa.

Pulambala adawerenga mawuwo kawiri. Ndipo popeza injiniya ankamuyang'ana, adachita kumuthokoza mlamu wakeyo.