Ziro za m'kope la a Tomoe

Tsiku limene a Tomoe anaterereka pa masitepe n'kuthyoka fupa la m'chiuno, sanafunse za mpunga umene anausiya pamoto. Akuwakweza mu ambulansi anagwira malaya a amuna awo, a Kuwata, n'kunena mawu atatu okha: "Korali wanga musaphe."

Korali ameneyu ankakhala m'thanki yagalasi ya madzi amchere pabalaza, limodzi ndi tinsomba tisanu. Ukamuona umayesa kamtengo kamwala, komatu ndi chamoyo. A Tomoe anamugula ali kanthambi kotalika ngati chala, ndipo m'zaka khumi ndi chimodzi anakula n'kuchita nthambi zoposa makumi atatu, zobiriwira, nsonga zake zofiirira. Ana analibe, ndiye musadabwe kuti munthu angalirire mwala ali pa machira.

A Kuwata sanachite mantha. Akanaopa chiyani? Zaka makumi atatu ndi zinayi anagwira ntchito pamalo oyeretsera madzi a m'masuweji kwathu kuno ku Akashi, ndipo adani awo anali awiri, naitreti ndi fosifeti, zotsalira za ndowe ndi chakudya chowola zimene zimasungunuka m'madzi osaoneka ndi maso. Nyanja yathu ikanali kufiira ndi ndere n'kumapha nsomba, iwo anali m'gulu la anthu amene anaiyeretsa, ndipo nkhani imeneyi aliyense amene anamwapo nawo tiyi anaimva kopitirira kamodzi. Thanki ya akazi awo sankaigwira ayi, koma Lamlungu lililonse ankatsegula kope limene a Tomoe ankalembamo zoyeza. Naitreti ziro, fosifeti ziro. Ankagwedeza mutu ngati kapitawo wokhutira, n'kubwezera kopelo pa shelefu.

Patatha sabata akazi awo ali m'chipatala, a Kuwata anatunga madzi m'kabotolo, anadonthezamo mankhwala, anakhutchumula, n'kuyerekeza mtundu wake ndi kakhadi. Naitreti anali pa teni. Fosifeti nayenso analimo. Sabata imodzi yokha, madzi aipa chonchi! Anapinda malaya.

Kuyambira pamenepo moyo wawo unasanduka ndowa. M'mawa kusungunula mchere, kupopa madzi akale, kuthira atsopano, ndowa zinayi kupita nazo ku bafa, zinayi kubwera nazo. Anagula timiyala toyamwa fosifeti n'kuika thumba lonse m'sefa. Makina ochotsa thovu la litsiro anawatsegula mpaka pamapeto. Tinsomba ankatipatsa kachakudya kotsina ndi zala ziwiri, kamodzi pa masiku awiri, poti chakudya ndiye gwero la zonyansa. Masana ankakwera basi kupita kuchipatala ndi matawulo ochapa, n'kubwerako ndi akuda. Msana unayamba kudandaula pa sabata yachitatu, mawondo pa yachinayi. Kuphika anasiya, ankangogula mpunga wa m'kabokosi kusitolo ya pakona n'kudya ataimirira, nthawi zina osaumaliza. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri anatopa mpaka kumagona pa basi n'kupitirira siteji.

Pa sabata yachisanu ndi chimodzi madzi a m'kabotolo sanasinthe mtundu. Ziro, ziro. Galasi linali mbee, mchenga woyera ngati mpunga wotsuka.

Koma korali anali kutuwa. Kubiriwira kuja kunazilala, n'kufika poyera ngati choko, kuyambira nthambi za m'munsi. A Kuwata anayeza kutentha, anayeza mchere, anasintha babu. Posapeza chifukwa, anachita chimene ankadziwa: anasinthanso madzi. Zakutuwazo sanauze akazi awo. A Tomoe ankafunsa tsiku ndi tsiku kuti, "Mukudyetsa?" ndipo iwo ankati eya, poti kutsina kuja nakonso n'kudyetsa. Koma Lolemba limenelo, pofuna kuwasangalatsa, anati, "Mai, madzi ndawabwezera pa ziro wanu uja. Zonse ziwiri."

A Tomoe sanaseke. Anayang'ana amai ena atatu a m'chipindamo, anayang'ana denga, kenaka anati akufuna kugona.

Lachitatu chakumasana kunamveka kugogoda kwamphamvu.

"Odi kuno! Bwana wochapa nyanja alipo?"

Anali a Genzo, mlongo wawo wa a Tomoe, mlimi wa nori, ndere zija timakulungira mpunga. Inali Febuluwale, pakati pa nyengo yokolola, ndipo manja awo anali ong'alukang'aluka ndi chisanu. Amuna awiriwa anakangana zaka makumi awiri pa nkhani imodzi. A Genzo ankati nyanja yayera mopyola, nori alibe chakudya, m'malo mokhala wakuda bii akutuluka wachikasu ngati nyuzipepala yakale. A Kuwata ankati asodzi akalephera amasowa womunamizira. Chaka chatsopano chilichonse ankayambira pomwe analekezera, a Tomoe ali pakati ndi ketulo, kuthirira uyu, kuthirira uyu.

"Lowani alamu," anatero a Kuwata, "koma majombo anuwo atsale panja. Ndakolopa."

"Inu mumakolopa ndi mpweya womwe. Taonani mmene mwaondera, khosi ngati la nkhuku yonyowa."

A Genzo sanakhale pansi. Anapita molunjika pa thanki, anawerama manja ali kumbuyo, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Nthabwala zija zinathera pomwepo.

"Ameneyu njala," anatero.

"Njala ya chiyani? Madzi ali pa ziro."

"Ndiye ndikuti chiyani ine? Mtundu umenewu ndimauona pa nori wa pa maukonde anga chaka ndi chaka. Muli tindere m'thupi mwakemu, timene timam'patsa mtundu ndi chakudya. Tidya chiyani m'madzi anu oyera ngati a m'kachisiwa?"

"Alamu, musabweretse za nori wanu m'nyumba muno. Ine ndikutsata kope la achemwali anu. Zaka khumi ndi chimodzi, ziro, ndipo korali anakula. Nali, werengani nokha."

A Genzo kopelo sanalilandire. Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, n'kulowa kukhitchini ngati kwawo. Anatsegula firiji, anafukula pansi penipeni, kuseri kwa nyemba zouma ndi madzi oundana, n'kutulutsa chitini cha masikono. M'katimo munali timapaketi tapulasitiki tondandalikidwa, ta nsomba zopera.

"Izi ndimabweretsa ine mwezi uliwonse. Mumati za ndani? Muli ndi mphaka?"

A Kuwata anatola kapaketi kamodzi n'kukayang'anitsitsa, a Genzo akupitiriza.

"Kapaketi kamodzi tsiku lililonse, folo koloko, inu mukapita kokayenda kudoko. Makina athovu aja amazimitsa mpaka mutabwera. Tatembenuzani chivundikirocho."

Kunsi kwa chivundikiro kunali pepala lomatidwa ndi tepi, ndipo pansi pake panali mapepala ena akale, opindidwa. Zilembo zinali za a Tomoe, za pensulo, zing'onozing'ono. Madeti omwe aja a m'kope, Lamlungu lililonse. Naitreti eyiti. Teni. Seveni. Teni. Fosifeti pang'ono, koma osasowa ngakhale sabata imodzi. Teni uja anawadzidzimutsa tsiku loyamba sanali kuipa kwa madzi ayi. Ndi mmene a Tomoe anawasiyira.

"Anandiimbira Lolemba," anatero a Genzo, mawu atatsika. "Akuti pitani mukawauze, ine pakamwa pakundilemera. Ndinati achemwali, ndili pakati pokolola. Akuti nori wanu adikira."

"Ankandinamiza."

"Ankafuna kudya mpunga wawo mwamtendere. Chaka choyamba analemba faifi, mukukumbuka? Munawaphunzitsa sabata yathunthu, mpaka kujambula mapaipi pa pepala."

A Kuwata anakumbuka. Anali atajambula bwino kwambiri, ndi rula.

Anakhala pa mpando wa kukhitchini, mapepala ali m'manja, ndipo kutopa kwa masabata onse aja kunawatsikira kamodzi. Ndowa zonse zija, msana uja. Anali kusenza madzi mbandakucha uliwonse kuti aphe chinthu chimene anauzidwa kuti asaphe. Anachita manyazi, ndipo manyazi pamaso pa mlamu amawawa kawiri. Anadikira kuti a Genzo anene za nyanja, poti mpata woterewu munthu amaudikira zaka makumi awiri. Koma a Genzo anangoika paketi ya nori patebulo, wotumbululuka ndithu, n'kunena kuti, "Musathire zonse kamodzi, mungamutsamwitse. Theka la kapaketi. Ine ndapita, mafunde sadikira."

Folo koloko itakwana a Kuwata sanapite kokayenda. Anatulutsa thumba la timiyala tija m'sefa, likudontha. Anazimitsa makina athovu, ndipo pabalaza panangoti zii, mpaka anamva wotchi. Anasungunula theka la kapaketi m'kapu, anaima nako pamwamba pa thanki, dzanja likukana. Moyo wawo wonse sanathirepo chonyansa m'madzi oyera. Anathira. Madzi anachita mtambo wotuwa, tinsomba tinalimbirana ngati sitinadyepo chibadwire, ndipo a Kuwata anayang'ana kumbali.

Sikuti zinatheka msanga. Korali sadziwa kuti munthu walapa. Masiku otsatira, mnofu wa nthambi za m'munsi unayamba kusendeka n'kusiya mwala wokhawokha, ndipo kufa kuja kunkakwera m'mwamba usiku ndi usana. Mwini sitolo ya nsomba anawalangiza pafoni kuti adule nthambi zamoyo msanga, imfa isanazipeze. Anadula ndi pulayala n'kuzimata pa mwala wina. Anadula zisanu ndi ziwiri. Zinayi zinafa. Chitsa chachikulu chija, cha zaka khumi ndi chimodzi, anachitulutsa n'kuchiika pa nyuzipepala pakhonde, ndipo fungo lake linakhala m'manja masiku awiri.

Masiku onsewo kuchipatala ankapita, matawulo ankasintha, koma za thanki panalibe woyambitsa. A Tomoe anali atayamba kuyenda ndi chogwirira, mapazi khumi kupita, khumi kubwera, ndipo ankakamba za zimenezo basi.

Patapita masabata atatu, galasi litayambanso kuchita ndere, a Kuwata anaona kuti nsonga za nthambi zitatu zija zadera pang'ono, ngati tiyi wosalowerera. Anayeza madzi, analemba m'kope, n'kulitenga popita kuchipatala.

Anapeza a Tomoe atakhala m'mphepete mwa bedi, akupuma atayenda. Anakoka katani kuti amai ena aja asamve, ngakhale katani sitsekera mawu. Anatsegula kope pa tsamba lomaliza n'kuliika pamiyendo pa akazi awo. Pansi pa mzere wautali wa ziro panali manambala a dzanja la a Kuwata.

"Naitreti faifi," anatero a Kuwata. "Akukwera."

A Tomoe anayang'ana tsambalo osakweza maso. "Nanga iye?"

"Wamkulu uja wafa, mai. Ndamupha ine. Zatsala nthambi zitatu, ngati zala."

A Tomoe anagwira pakamwa. Misozi inatsika, ndipo a Kuwata sanayese kuiletsa kapena kufotokoza chilichonse, chinthu chimene sichinachitikepo. Anangopereka tawulo limodzi mwa ochapa aja.

"Ndinayamba ndi imodzi," anatero a Tomoe patapita nthawi. "Koma zaka khumi ndi chimodzi zina sindikudziwa ngati ndili nazo."

A Kuwata anakhala pa kampando ka alendo, mawondo akulira. Funso linali pakhosi kuyambira tsiku la chitini lija, ndipo linatuluka lokha.

"Bwanji osangondiuza? Lamlungu lililonse, ine n'kumagwedeza mutu ngati chitsiru."

A Tomoe anapukuta m'maso n'kuwayang'ana. Munalibe mkwiyo m'maso mwawo, munali kutopa kwa munthu amene wanyamula ketulo zaka zambiri.

"Mukanamva, bambo?"

Kuseri kwa katani wina anatsokomola. Namwino anadutsa ndi kangolo ka mankhwala. A Kuwata anafunafuna yankho m'zaka makumi anayi za ukwati wawo, ndipo limene analipeza linali lalifupi.

"Ayi," anatero.

A Tomoe anatseka kope n'kulibweza. Anayang'ana wotchi ya pakhoma, inali itadutsa fili koloko.

"Pitani, basi ingakusiyeni. Folo koloko ndi nthawi yake. Kapaketi kathunthu tsopano."

A Kuwata anatola matawulo akuda n'kuika m'chikwama. Atafika pa katani anaima.

"Nori uja alamu anasiya ndikumadyera mpunga," anatero, osatembenuka. "Ngotumbululuka zedi. Mukawaimbira muwauze kuti ndaona."