Makope Otsala Pansi pa Benchi

Ine ndimasesa pa yunivesite ya boma. Ndineneretu zimenezi, kuopa kuti wina angandiyese pulofesa poona jekete. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikutsegula holo yaikulu, kukolopa masitepe ake, kupukuta bolodi ndi kuyesa chimkuzamawu ngati chikugwira. Koma kwathu munthu akangotchula yunivesite, maso onse amabwera kwa ine, ngati kuti ndinaimanga ndine.

N'chifukwa chake achemwali anga, amene amaluka tsitsi pasaluni, ananditulira nkhani ya mwana wawo. Mtsikanayo anali m'chaka chomaliza ku sekondale, ndipo anapatsidwa fomu yolembapo kumene akufuna kukapitiriza maphunziro. Pamzere woyamba pa fomupo ndi pamene panavuta. Kunali yunivesite yathuyi, ya ophunzira zikwizikwi, ulendo wa maola anayi pabasi. Kunalinso koleji yaing'ono ya zauphunzitsi imene denga lake limaoneka munthu ataima pakhomo la saluni. Fomu inkafunika kubwezedwa Lachisanu.

"Inu ndiye mukudziwa zam'kati, achimwene," anatero pafoni. "Mumutenge tsiku limodzi akaone. Chimene munene inu ndi chimene alembe."

Ndinavomera, koma yankho ndinali nalo kale m'thumba. Yankho lake linali ayi.

Mwanayu timamutcha Kachete. Mutu ali nawo, masamu amangowamwa ngati madzi, koma mawu ake amathera pakhosi. Ukamufunsa ngati wadzuka bwino, uyenera kuwerama kuti umve yankho. Kusukulu kwawo alipo makumi atatu m'kalasi, ndipo aphunzitsi amadziwa kuti akayamba kukanda khutu ndiye kuti sanamvetse, amabwereza osafunsidwa. Ndiye mwana wotere ukamuponye m'holo ya anthu mazana asanu ndi awiri? Ndimamukonda mwana ameneyu kuposa mmene ndimaonetsera, ndipo ndinkaopa kuti malo aja amumeza.

Mantha angawo sanali ongolota. Ndinali ndi umboni, ndipo unali pashelefu m'kachipinda ka matsache, kunsi kwa masitepe. Lamulo la ntchito yathu limati chilichonse chotola m'holo uchilembe tsiku ndi mzere umene wachipeza, uchisunge teremu imodzi, chikapanda mwini uchitaye. Foni, makiyi, ambulera, eni ake amabwera akuthamanga tsiku lomwelo. Makope ndiwo sabwereredwa. Ineyo pepala limene munthu walembapo ndi dzanja lake limandikanika kutaya, choncho anangounjikana mpaka kupitirira mazana awiri.

Onse amayamba mofanana. Dzina lolembedwa mosamala, deti yodulidwa mzere ndi lula, mitu ya inki yofiira. Pofika sabata yachitatu zilembo zimayamba kupendekeka. Sabata yachisanu tsamba limalembedwa theka, mwina chiganizo n'kuthera panjira. Kenako masamba oyera mpaka kuchikuto. Ndikamamwa tiyi ndinkawatsegula, n'kumadzifunsa kuti ana amenewa ali kuti tsopano, ndipo makolo awo anawauza chiyani.

Kachete anafika Lachitatu, ndipo Lachinayi m'mawa tinalawirira limodzi. Apa ndiulule chimene ndinachita. Ndikanatha kumulowetsa pakhomo la m'mbali pamene ndimalowera ine, asankhe malo holo ikadali yopanda munthu. Sindinatero. Ndinamusiya panja pakhomo lalikulu.

"Udikire pompano ndi anzako," ndinatero. "Ulawe zenizeni, osati zokometsera."

Nditatsegula zitseko, chikhamu cha ophunzira chinakhuthukira m'kati monga chimachitira masiku onse, zigongono patsogolo, zikwama pamutu. Amphamvu anatsetserekera kutsogolo. Kachete ndinamuona akukankhidwira kukhoma, akupepesa anthu amene amuponda iyeyo. Pomwe amalowa n'kuti mabenchi atadzaza, ndipo anakhala pasitepe ya pamwamba penipeni, kope pabondo. Sipika ya kumtunda kumeneko inafa zaka ziwiri zapitazo. Ndakanena ku ofesi kasanu konse, amangoti tamva. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti kumeneko munthu samva kanthu.

Aphunzitsi a masamu analowa, bambo wamfupi wa dazi. Ukakhala pamwamba paja amaoneka ngati chala chachikulu. Sanapereke moni, anangoyamba kulemba. Ine ndinaima pakhomo ndi chikolopa changa ngati ndili pantchito, koma diso lili pa mwana. Ankasuzumira pakati pa mitu ya anthu, kulemba pang'ono, kusuzumiranso. Nthawi ina anakweza dzanja kufika paphewa, n'kulibweza msanga ngati wagwira chotentha. Kenako ndinaona akukanda khutu. Palibe anabwereza kanthu.

Ola litatha anayesa kutsikira kubolodi, pomwe anthu mazana asanu ndi awiri akukwera kutuluka. Pofika pansi n'kuti aphunzitsi atapita kalekale. Anabwera kwa ine nsapato imodzi itadetsedwa ndi mapazi a eni, maso ali psuu.

Ndinali nditapambana, koma mumtima munalibe kukoma kulikonse. Ndinachita manyazi.

"Tiye ukamwe tiyi," ndinatero.

M'kachipinda ka matsache muli mpando umodzi, ndiye ndinamupatsa iye, ine n'kukhalira ndowa yovundikira. Ketulo ikuwira, ndinatsitsa mulu wa makope n'kuuika pamiyendo pake. Ndinaganiza kuti bola ndimalizitse ntchito imene ndayamba.

"Tsegula uone. Onsewa anabwera ndi mitu yabwino ngati wakowo. Sindikukunyoza, mphwanga. Malo ano sadziwa munthu."

Anatsegula loyamba, lachiwiri, lachitatu. Sankathamanga. Ankafika pamene zolemba zathera, n'kusisita tsamba loyeralo ndi chala. Tiyi anazizira osamukhudza. Kenako analankhula, ndipo monga mwa masiku onse ndinawerama.

"Ukuti bwanji?"

"Ndikuti, a amene anamaliza ali kuti, malume?"

"Ati?"

"Makope a amene anamaliza maphunziro."

Amene anamaliza anapita nawo kwawo makope awo, nanga akanawasiyiranji pansi pa benchi? Zaka zonsezi ndinkayesa kuti ndikuidziwa yunivesite, pomwe ndinkadziwa zimene imagwetsa pansi zokha. Wosesa amaona zotsala. Amene zawayendera amatuluka ndi katundu wawo yense, ndipo ine ndimangowaona kumsana tsiku limene avala mikanjo, ndikupinda mipando.

"Iwe, usandiphunzitse ntchito," ndinatero, poti munthu wamkulu sangangokhala duu pamaso pa mwana. Iye anamwetulira pang'ono, koma sanandiseke.

Anaona manambala a pensulo pachikuto n'kufunsa tanthauzo lake. Nditamuuza kuti ndi mzere umene ndinatolapo kope, anatsika pampando, kugwada pasimenti, n'kuyamba kuwagawa milu. Ndinamutsitsira ena onse. Kachipinda kanadzaza, moti mnzanga wa ku laibulale atabwera kudzabwereka sopo anangoima pakhomo n'kufunsa ngati tatsegula sukulu yathuyathu. Mulu wa mizere ya kumtunda unafika m'bondo. Wapakati unali wocheperapo. Wa mizere isanu ya kutsogolo unali ndi makope asanu ndi limodzi basi.

Ndinayembekeza kuti anyadira, koma anatola asanu ndi limodzi aja n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Awa ndiye akundiopsa," anatero. "Ankamva zonse, koma anasiyabe."

"Nanga ndimati chiyani ine?"

"Ndikuopa, malume, sindinama. Paja ndinangotsala pang'ono kulira. Koma taonani." Anatsegula kope lake. Anali atakopera theka la zimene zinali pabolodi, mbali imene mitu ya anthu sinatchinge. "Izi kusukulu kwathu anangotiuza kuti zimatero basi, tiloweze. Awa amasonyeza chifukwa chake. Mbali inayo sindinaione. Ndikufuna kudziwa mmene zinathera."

Chibadwire chake ndinali ndisanamumve akulankhula mawu ambiri chotero nthawi imodzi. Ndinayang'ana wotchi. Aphunzitsi omwe aja amabwereza phunziro lomwelo kwa gulu lachiwiri nthawi ya teni.

Ulendo uno ndinamulowetsa pakhomo la m'mbali. Ndinamukhazika mzere wachitatu, kumanzere, pafupi ndi chipilala, pamene mawu amamveka bwino ndipo dzuwa silichita chinyezimira pabolodi. Ndinamuuzanso kuti aphunzitsi amenewa satulukira kumene amatulukira anthu, amadzera kakhomo ka kuseri kwa bolodi, ndipo amaima pampopi kusamba choko m'manja. Wofuna kuwafunsa kanthu awadikire pamenepo. Ndikulankhula choncho ndinadzimva ndekha, ndipo chinandiwawa. Zinthu zimenezi ndazidziwa zaka zonsezi. Eni makope aja ankandidutsa tsiku ndi tsiku, ine n'kumangowauza kuti asaponde ponyowa.

Sindinganene kuti kunachitika zodabwitsa. Dzanja sanakweze. Pampopi anapitadi, anaima kutali ngati akudikira basi, aphunzitsi anasamba, kupukuta m'manja pathalauza, n'kumapita osamuona. Koma anatuluka ndi masamba anayi odzaza, ndipo mtsikana wina wa mandala amene anakhala naye pafupi anamupempha kuti ajambule tsamba limodzi pafoni.

"Unamuyankha chiyani?" ndinafunsa.

"Ndinangomupatsa."

"Osafunsa ndi dzina lomwe?"

"Mawa lake ndikanafunsa," anatero.

Ndinapempha mnzanga kuti anditsekere holo, tinakwera basi ya masana yopita kwathu. Iye anagona mutu uli pazenera, kope atalikumbatira. Ine ndinkangotembenuza nkhaniyi. Pakoleji yaing'ono ija akanamudziwa dzina sabata yoyamba, akanagona kwawo, akanatuluka mphunzitsi wabwino, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Ku yunivesite akhoza kudwala sabata yathunthu popanda wozindikira kuti pabenchi pachepa munthu. Zonsezi zinali zoona m'mawa, zinali zoonabe madzulo. Chimene chinasintha n'chakuti m'mawa ndinkayesa kuti ndikudziwa mathero ake, pomwe tsopano ndinkadziwa kuti sindikudziwa. Ndipo ndinali nditaona nkhope yake potuluka m'holo kachiwiri kaja.

Tinapeza achemwali ali pakati pa mutu wa kasitomala, mayi wonenepa amene ankaonera filimu pafoni. Chipeso chinali m'kamwa, zala zikuthamanga. Anayang'ana mwana, anayang'ana nsapato yodetsedwa ija, n'kumuuza kuti akasiye chikwama kuseri ndi kusamba kumaso. Atatuluka, anachotsa chipeso.

"Ndiye mwaona bwanji, achimwene?"

"Akavutika," ndinatero. "Miyezi yoyamba akalira ndithu. Mwina akalephera, sindingalumbire. Koma alembe yunivesite."

Zala zinaima. Kenako zinayambanso, mwamphamvu.

"Mayo, mukundikoka!" anatero kasitomala.

"Pepani, amayi."

Achemwali analuka chingwe chimodzi mpaka kunsonga osandiyang'ana. Ine ndinangoima pakati pa saluni ngati wobwera kudzametedwa, chipewa m'manja.

"Mukudziwa chimene ndinatumira inu?" anatero, mawu ali pansi. "Zaka zonsezi mukabwera kuno nkhani yanu ndi ya ana osochera. Ndinati awa akakana. Ine pakamwa panga sindikanatha kumukaniza, mwana wakhoza yekha. Ndinati akakane ndi amalume ake, ine ndikhale wopanda mlandu."

Mwana ameneyu ndi yekhayo, ndipo chimwalirire bambo ake akhala awiriwiri m'zipinda ziwiri za kuseri kwa saluniyo. Ine ndinali nditaganizira za holo, za sipika, za mabenchi. Za nyumba imene itsale ndi munthu mmodzi sindinaziganizireko n'kamodzi komwe.

"Ndikhoza kumuuza kuti ndaganizanso," ndinatero. "Sanamve chimene ndanena."

Kasitomala anali atazimitsa filimu yake, akumvetsera poyera, osabisa n'komwe. Achemwali anatenga tsitsi lina, kuligawa patatu, n'kungoligwira osaluka. Kuseri kunkamveka madzi akugwera m'beseni.

"Analankhula kumeneko?" anafunsa.

"Analankhula. Mpaka kunditsutsa."

"Kachete? Kutsutsa inu?"

"Pamaso panga."

Anaseka pang'ono, kuseka kwake kunathera m'misozi. Anaipukuta ndi mkono poti zala zinali ndi mafuta.

"Fomu ili m'dirowa ya pansi pa galasi, cholembera chili momwemo," anatero. "Muitaneni alembe pompano ndikuona. Fulumirani, achimwene, mtima wanga usanabwerere."