Mkono wa Jekete la Kachete

Nditalowetsa dzanja lamanzere m'jeketemo, linayenda ulendo wautali mpaka kukatulukira kunsonga kwa mkono wathunthu, wositidwa bwino. Ndinaima pagalasi la m'shopu ya bambo ngati andithira madzi ozizira.

"Tatembenuka, mayi," anatero bambo, mapini awiri ali pakamwa. "Waliona phewalo? Lagona ngati mwana wokhuta."

Jeketelo linali lokongola, ndisaname. Lofiira, kolala yakuda, mabatani asanu osiyana mitundu, monga zinalili pachithunzi chimene ndinawapatsa. Vuto linali limodzi: linali ndi mikono iwiri.

Akadzidzi a Masana ndi gulu loimba la anthu anayi amene sanabadwepo. Ndi ojambulidwa, a makatuni, koma nyimbo zawo ndi zenizeni, ndipo iliyonse imatuluka ndi kafilimu kake kopitiriza nkhani ya moyo wawo. Ndinawadziwa ndili ku sekondale, nthawi imene anzanga ankacheza pabwalo ine ndili kuseri kwa laibulale ndi foni. Ndimadziwa kuti Mkokomo, woimbayo, amaopa makwerero. Ndimadziwa chimene Tsabola wa gitala anakanganirana ndi mlongo wake. Koma wanga weniweni ndi Kachete, mtsikana wa ng'oma, amene m'mafilimu onse khumi ndi anayi sanatulutsepo liwu ngakhale limodzi.

Loweruka limenelo kunali mpikisano kuholo: okonda gululi avale ngati mmodzi wa anayiwo, akwere pansanja. Ndinalembetsa dzina nditaganiza milungu iwiri. Tsiku loyesa jeketeli linali Lachinayi.

"Sakulankhula," anatero azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene amasoka mabatani ndi kusita kukona. "Achimwene, mwana wasangalala mpaka lilime lagwa."

"Wasowa chonena," bambo anayankha. "Chithunzi chako chija, mayi, inki inawathera. Mkono uwu sunatuluke, panangotsala tinsanza paphewa. Ndinati palibe kanthu, telala amaona zimene makina sanaone."

Ndinati zikomo. Ndinavula jeketelo, n'kulipachika, n'kupita kukatenga tsache. Umu ndi momwe ndinkachitira chilichonse ndi bambo. Sanali aukali ayi. Kungoti m'shopu imeneyo mawu awo anali ngati msoko wawo: ukadutsa, wadutsa. Munthu wina anabwerapo kudzafuna thalauza long'ambika m'mawondo, monga amavalira achinyamata, bambo anamulozera khomo mwaulemu. "Ong'amba ali kumsika, achimwene. Kuno timasoka."

Ndinasesa tizidutswa ta nsalu pansi pa makina, mutu uli kuholo. Ndinadziona nditakwera pansanja ndi mikono iwiri, pamaso pa anthu odziwa zimene ine ndimadziwa. Sakanandiseka mokweza. Akanangoyang'anana, n'kudziwa kuti uyu wangoona chithunzi, nyimbozo sanazimvepo. Pa zinthu zonse zapadziko lapansi, ichi chokha ndiye ndinkachidziwa kuposa aliyense, ndipo ndinali pafupi kukaoneka mlendo pa icho.

Ndinatsamiritsa tsache kukhoma.

"Bambo, inki sinathe."

Makina anaima. Azakhali anaimika simbi chilili.

"Mkonowo kulibe. Anaung'amba yekha."

"Ndani?"

"Kachete."

"Kamtsikana ka pepalaka?" Bambo anatsitsa magalasi. "Kanang'amba bwanji jekete, pomwe ndi kojambula?"

"Ndikuonetseni," ndinatero.

Ndinaika foni pamwamba pa makina, n'kuitsamiritsa ku mpukutu wa ulusi. Kafilimu kachitatu. Nyimbo imayamba ndi ng'oma yokha, kawiri pang'onopang'ono, katatu mofulumira. Ndinawafotokozera zikuchitika. Apa n'kuti Kachete atalongedza kale katundu, akufuna kusiya gulu usiku womwewo chifukwa palibe ankamuona kumbuyo kuja. Ali mkati moimba, waya wa gitala unaduka n'kucheka Tsabola pachikhatho. Mkokomo anasokonezeka, wa besi anasiya kuimba. Kachete anapitiriza kumenya ng'oma ndi phazi, n'kugwira mkono wa jekete lake, n'kuukoka. Anamanga nawo chilondacho, nyimbo osaima.

"Kuyambira pamenepo sanausokenso," ndinatero. "Kachete wa mikono iwiri ndi amene ankathawa. Wa mkono umodzi ndi amene anatsala. Ndikavala ili, ndavala wolakwika."

Ndinali ndisanalankhulepo mawu ambiri chotero m'shopu imeneyo. Azakhali anandiyang'ana ngati ndamera ndevu.

"Mwamva, achimwene? Mwasokera mwana munthu wolakwika."

"Sitani malaya a eni ake, inu," anatero bambo. Kenako kwa ine: "Tabwezera pamene akukokapo."

Ndinabwezera. Anaonera katatu, nkhope ili pafupi ndi foni.

"Wojambulayu anakhalapo pafupi ndi telala," anatero potsiriza. "Waona? Msoko wa paphewa sunamasuke. Yang'ambika ndi nsalu, m'munsi mwa msoko. Ndiye kuti analisoka bwino jeketelo. Zaka makumi atatu ndikusoka, mayi. Chovala chikatuluka pakhomo apa chimakanena dzina langa kumene chapita. Ukufuna anthu akanene kuti mwana wa telala akuyenda ndi nsanza?"

"Kumene ndikupitako, akanena zimenezo ndikapita ndi mikono iwiri."

Bambo anatenga chidutswa cha nsalu yofiira yotsala, anachitema pang'ono ndi sizasi, n'kuchikoka. Chinang'ambika mowongoka ngati achita kulemba ndi rula. Anatenga china. Chimodzimodzi. Chachitatu anayesa kupotoza dzanja, koma zala zawo zinapeza zokha njira ya ulusi, mzere n'kutsika bwinobwino mpaka pansi.

Azakhali anaseka mpaka kukhala pampando. "Manja akukana. Achimwene sadziwa kuwononga, ngakhale atawalipira."

"Si manja," anatero bambo, akuyang'ana zidutswa zitatu zofanana pathebulo. "Kamtsikanako kanang'amba katavala, kali pachangu, ndi dzanja limodzi. Ine ndikung'amba ndili pathebulo." Anachotsa jekete pahang'ala, n'kundipatsa. "Vala."

Ndinavala. Anabwera kumanzere kwanga ndi sizasi, anayeza zala ziwiri kuchokera pamsoko, n'kutema kamodzi kokha, pang'ono kwambiri. Anabwerera m'mbuyo mpaka kukagunda thebulo, manja kumbuyo.

"Ine sindikhudzanso. Iyatse nyimbo yakoyo."

Ng'oma inayamba. Ndinadikira waya aduke, ndinadikira wa besi asiye. Kenako ndinagwira nsaluyo ndi dzanja lamanja, n'kukoka ndi mphamvu zonse. Inalira mokweza kuposa mmene ndinkaganizira, moti wometa tsitsi wa khomo loyandikana anasuzumira. Inakana pakhwapa, ndinakokanso. Mkono unatsika mpaka pachigongono, ndinauvula ngati sokosi.

Pagalasi, paphewa panali mano osalingana, ulusi uli lende. Bambo anali atatseka diso limodzi.

"Ndi uyu?" anafunsa.

"Ndi yemweyu."

"Bweretsa kuno. Ukangochapa kamodzi, zonsezi zithothoka mpaka kukolala."

Anakhala pansi ndi singano yamanja ndi ulusi wofiira, n'kuyamba kutsata dzino lililonse la chong'ambikacho cham'kati, timisoko ting'onoting'ono tosaoneka kunja. Zinawatengera masana onse. Mwini thalauza wina anabwera kawiri, n'kuuzidwa kawiri kuti abwere mawa.

Loweruka anati andiperekeza pokwerera basi pokha. Basi itabwera, anakwera nawo.

Pakhomo la holo panali mzere wautali padzuwa: a Mkokomo a mawigi, a Tsabola a magitala a makatoni, ndi a Kachete asanu ndi mmodzi, onse a mkono umodzi. Bambo, atavala shati yawo yoyera yomanga mpaka pakhosi, ankayenda pambali panga akuyang'ana mapewa a anthu.

"Sizasi," ananong'ona titadutsa woyamba. "Uyonso sizasi. Uyu wachita kumasula msoko, waulesi."

"Bambo, akumvani."

"Amve."

Mtsikana wamtali amene ankalemba mayina pakhomo, nayenso Kachete, anakweza maso n'kuyang'anitsitsa phewa langa. Anatambasula dzanja, n'kuliimika m'malere.

"Ndingakhudze? Wachita bwanji kuti zioneke chonchi koma osathothoka?"

Ndinatsegula pakamwa, koma bambo anali atafika kale. Anapinda m'mphepete mwa chong'ambikacho ndi chala chachikulu, kumuonetsa timisoko tam'kati.

"Kung'ambako ndi kwa mwini wakeyu," anatero. "Ine ndangogwirizira."

Mtsikanayo anandipatsa nambala, naini, n'kundilozera khomo la kumbuyo kwa nsanja. Ndisanalowe ndinacheuka. Bambo anali atazunguliridwa ndi a Kachete atatu, magalasi ali pamphuno, atagwira phewa la mmodzi, akumufunsa mwaulemu kuti anamulakwira chotere ndani.