Misomali ya pa Bolodi la a Mzere

Anthu amati a Mzere anasiya ntchito chifukwa cha maso. Ndi zoona, koma si zonse. Amene anawachotsa ntchito ndi ine, ndipo ndinachita zimenezo m'sabata yachitatu ya uhedi wanga, ndi mawu amodzi okha amene ndinauza kalipentala.

Dzina loti Mzere anawapatsa ndi ana, kalekale ine ndikadali m'kalasi yachiwiri. Anali munthu woti chilembo chako chikangotsetsereka pang'ono, khutu lako lilipira. Ndi iwowo anandigwira dzanja n'kundiphunzitsa kulemba dzina langa. Nditabwerera pa sukulu yomweyo ngati hedi, ndinawapeza akadali m'kalasi yomwe ija, atavala jekete lawo la zigamba m'zigongono. Kunali kutatsala zaka ziwiri kuti apume pa ntchito, ndipo ankafuna kuzimaliza ali chiimire pa bolodi.

Ine ndinali nditangochokera ku maphunziro a utsogoleri. Kumeneko anatiuza kuti mtsogoleri weniweni amaonekera pa zimene wasintha m'mwezi woyamba. Ndinabwerako ndi kope lodzaza mfundo zodulidwa mizere yofiira, mapewa ali m'mwamba. Ndinkayenda pakhonde ngati sukuluyo ndagula. Chilichonse chakale chinkandinyansa, kuyambira belu losweka mpaka makatani a muofesi. Choyamba ndinalamula kuti mabolodi onse apakidwe penti watsopano.

Kalipentala anabwera Loweruka. Atafika m'kalasi yachiwiri anandiitana.

"Amayi, taonani kuno. Bolodi ili lili ndi misomali m'mbalimu, isanu ndi umodzi uku, isanu ndi umodzi uko. Mipata yake ndi yofanana bwinobwino. Kuli ndi kachingwe kokulungidwa pamsomali wapansiwu. Ndiisiye?"

"Zulani," ndinatero.

"Komatu ikuoneka ngati yokhomedwa dala. Mwina eni ake..."

"Eni ake a mabolodi pano ndi ndani? Sukulu si khola la nkhuku, bambo. Zulani, mumate ndi maboowo."

Anangokweza mapewa n'kuyamba kuzula. Kachingweko ndinakataya ndekha m'dzala.

Lolemba kunabwera mlangizi woyendera masukulu. Ndinamuitana ndine, kuti adzaone mmene ndasinthira zinthu. Ndipo ndine ndinasankha kuti tikaonere phunziro la a Mzere, poti ana a m'kalasi mwawo ndi amene ankawerenga bwino kuposa onse. Tinakhala kumbuyo, pa timipando ta ana, maondo ali pachifuwa.

A Mzere analowa, n'kupereka moni, n'kutenga choko. Dzanja lawo lamanzere linapita m'mbali mwa bolodi. Linapapasa kukwera, linapapasa kutsika. Anapita mbali inayo n'kuchitanso chimodzimodzi. Kenako anaima chilili, atatifulatira, kwa kanthawi kotalika ndithu moti ana anayamba kuyang'anana.

Anayamba kulemba. Mzere woyamba unatsetsereka ngati njira ya kudambo. Wachiwiri unakwera n'kukadutsa pakati pa woyamba. Pofika wachitatu, pa bolodi panali phala lokhalokha. Ana ena anayamba kuseka chamumtima, ena anaweramitsa mitu.

"Aphunzitsi, mwalemba pamwamba pa zina," anatero kamtsikana ka kutsogolo, monong'ona.

"Zikomo, mwana wanga," anayankha. Anatenga chofufutira n'kufufuta pamalo pomwe panalibe kanthu.

Mlangizi anadzuka. Anatsegula buku la ana patsamba lina n'kuwapempha mwaulemu kuti awerenge ndime yoyamba. A Mzere analiyandikitsa bukulo mpaka kukhudza mphuno, analitalikitsa, n'kulitseka.

"Mukandiuza nambala ya tsamba, bwana, ndikuuzani zonse zimene zili pamenepo," anatero. "Koma kuwerenga, ayi."

Apo m'pamene ndinamvetsa ntchito ya misomali ija. M'mawa uliwonse ankamanga kachingwe kuchoka pamsomali wina kukafika pa unzake, ndipo chala chawo chinkatsata chingwecho choko chikamayenda. Mabuku onse anali m'mutu.

Pa nthawi yopuma ndinamukokera pambali wachiwiri wanga, mayi wachikulire wosachedwa kulankhula zakukhosi.

"Munkadziwa?"

"Chaka chachinayi chino, Ahedi. Tonse timadziwa, ngakhale alonda. Makope a ana awo timagawana ife pochonga."

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Munatifunsa liti? Chibwerereni mumangotiwerengera za m'kope lanu lija."

Ndinakwiya, koma mkwiyowo unasowa pogwera, poti mayiyo sananame. Ndinathamangira mlangizi ali pafupi kukwera galimoto. Ndinamuonetsa zotsatira za ana, ndinamuchonderera, ndinalonjeza kuti misomali ibwerera tsiku lomwelo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mayi, mukanapanda kundilowetsa m'kalasi muja, bwenzi ndilibe cholemba," anatero. "Koma ndaona ndi maso anga. Mukufuna ndilembe bodza?"

Kalata inabwera patatha mwezi. Inati a Mzere apume pa ntchito pa zifukwa za umoyo, ndipo inawathokoza m'mizere iwiri. Ndine ndinawawerengera, muofesi mwanga, pansi pa makatani atsopano aja. Iwo ankamvetsera, chipewa chili pamaondo.

Tsiku lawo lomaliza ndinawapeza m'kalasi ana ataweruka, akulongedza m'katoni. Akazi awo ankadikira pakhomo. Ndinali nditakatenga misomali ija kwa kalipentala, ndipo ndinaiika m'manja mwawo ili mu envulopu.

"Aphunzitsi, ndinalakwa. Ndikhululukireni."

Anaikhuthulira m'chikhatho n'kumaikhudza umodziumodzi ndi chala.

"Yonse ilipo," anatero. "Sungani, Ahedi. Kunyumba kulibe bolodi."

"Musanditchule choncho, Aphunzitsi. Ndine mwana wanu uja."

"Nanga ndikutchuleni ndani? Mwakula tsopano."

Sanalankhule mokwiya, ndipo chimenecho n'chimene chinandipweteka kwambiri. Akanandikoka khutu ngati kale, mwina ndikanapepukidwa. Potuluka anaima pa bolodi, n'kuyendetsa chikhatho m'mbali mwake kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Kalipentala wanu ndi waluso," anatero. "Ngakhale boo limodzi silikumveka."

Akazi awo anawagwira pachigongono, pa chigamba pomwe, n'kuwatsogolera kutsika masitepe. Ndinaima pakhomo mpaka anakhota pageti.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Masiku ano ndikapeza mwala pakhomo la kalasi, ndimayamba ndafunsa kuti anauikapo ndani ndipo ndi wachiyani. Aphunzitsi amati ndinasintha, ndipo chaka chatha anandiitana ku maphunziro omwe aja kuti ndikalankhule kwa mahedi atsopano za kumvetsera. Ndinalankhula, anawomba m'manja. Za misomali sindinanene, chifukwa cha manyazi.

A Mzere sanapondenso pa sukulupa. Ndinapita kwawo kawiri, ndipo ulendo wachiwiri akazi awo anandiuza pakhonde kuti abambo akupuma, chikhalirecho ndikumva chifuwa chawo kuseri kwa chitseko. Envulopu ija ili m'dirowa yanga, limodzi ndi chidindo cha sukulu. Ndikamatsegula kuti ndidinde kalata, misomaliyo imalira.