Salimoni ya Sadaka

Charlene anaimirira mumtsinje wa Koyukuk madzi akulekeza m'chiuno, atafumbata nsomba ya salimoni yaikazi yolemera ngati mwana woyamwa. Madziwo, amene kale ankaluma mafupa ngakhale m'chilimwe, anali ofunda ngati tiyi woiwalika pa tebulo.

Anadula kachidutswa ka mnofu n'kukaponya m'kabotolo. Imeneyi ndiyo inali ntchito yake. Ku labotale mnofuwo unkaulula majini, tizizindikiro ta chibadwa, amene adzuka m'thupi la nsomba polimbana ndi kutentha. Chaka chatha anadzionera yekha kuti nsomba zofooka chonchi zambiri zimafera m'njira yopita kokaswana kumtunda kwa mtsinje, mazira ali m'mimba.

"Usaitaye imeneyo!"

Anali Wilbur, mchimwene wake wamkulu, ali m'boti. Sadaka ya bambo awo inali itayandikira, koma boma linali litaletsa kupha salimoni, ndipo pathandala la amayi awo panalibe ngakhale chipsepse.

"Achimwene, mukudziwa kuti sindingatero."

"Sungatero chiyani? Si iwe unatiuza kuti zoterezi ndi maliro oyenda? Ndiye ikadyedwe ndi akhwangwala, alendo a bambo ako akunyambita zala?"

"Si zonse zimafa."

"Iyi nanga?"

Charlene anaiyang'ana. Inali itagona chammbali, ikupuma mwa apo ndi apo. Anakumbukira bambo ake akulenga nsomba ngati iyi, mafuta akutsika m'zigongono. Panalibe wina wowaona. Mpeni unali m'thumba.

"Sindikudziwa," anatero.

"Sukulu yonse ija, sukudziwa! Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mlongo. Bweretsa kuno."

Charlene anatembenuzira mutu wa nsombayo kumene madzi amachokera, kuti aziloŵa m'kamwa. Nsomba sinagwedezeke.

Wilbur anatukwana, nalumphira m'madzi ndi nsapato zomwe. Anaigwira kumchira. Charlene anaumitsa zala, akudikira kuti amulande.

"Ukuifinya, chitsiru iwe. Masula pamimba."

Anaigwirizira onse awiri, osayang'anana, udzudzu ukuwadya m'makosi. Patapita nthawi mchira unamenya dzanja la Wilbur, unamenyanso, kenako nsomba inapulumuka.

"Amayi ukawauza ndiwe," anatero Wilbur, akupukuta nkhope.

Maso a Charlene anali pa msana wakuda wa nsombayo umene unkakwera pang'onopang'ono m'mphepete mwa gombe, mpaka unaloŵa m'madzi amatope a pokhota.